Fisi Akadzipereka Kulondera Khola

Mwana aliyense wokulira m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi amadziwa kuti fisi sapatsidwa ntchito yolondera khola la mbuzi. Chimene ana ambiri sanaphunzitsidwe n'chakuti pali fisi wina amene sabwera usiku. Ameneyu amafika dzuwa lili paliwombo, atavala jekete ndi chipewa, n'kuodira pakhomo mwaulemu. Akapatsidwa mpando amafotokoza kuti m'deralo mwachuluka zilombo, kotero mwini khola azipereka mbuzi imodzi pamwezi kuti zotsalazo zizigona mwamtendere. Mwini khola akafunsa kuti zilombozo n'ziti, mlendoyo amangomwetulira, mano onse pamtunda.

Nkhani ya fisi ameneyu yabwera chifukwa cha sewero lina lakale la pakompyuta, limodzi mwa aja achinyamata amawatcha magemu. Dzina lake ndi Gangsters: Organized Crime. Lidapangidwa ndi kampani ya Hothouse Creations ya ku Bristol, ku England, ndipo lidatulutsidwa ndi Eidos Interactive m'chaka cha 1998. Ndi sewero lokalamba ndithu, ndipo zithunzi zake sizingafanane ndi za masiku ano, koma likupezekabe pa intaneti ndipo lidabala zidzukulu zambirimbiri zimene zili m'mafoni a ana. Kholo likapeza mwana wake atatong'ola maso pagalasi, akulamula achifwamba kuti akaotche sitolo ya munthu, limadzifunsa ngati n'koyenera kumulanda kompyutayo kapena kungomuleka. Njira ziwiri zonsezi n'zoperewera. Choyenera n'chakuti wamkulu akokere mpando pafupi, aone nawo seweroli, ndipo auze mwanayo zimene mapiri a kwawo adaona, pakuti sewero limeneli makolo a ku Dowa ndi Ntchisi adaliseweredwa pamsana kangapo konse.

Choyamba m'pofunika kudziwa mmene seweroli limayendera. Wosewera amakhala mkulu wa gulu la zigawenga mumzinda wongopeka wotchedwa New Temperance, umene udamangidwa mofanizira Chicago wa zaka za m'ma 1920. Iyi idali nthawi imene boma la America lidaletsa kufulula ndi kugulitsa mowa, kuyambira 1920 mpaka 1933, ndipo lamulolo lidalemeretsa anthu ogulitsa mowa mozemba. Sabata iliyonse ya m'seweromo ili ndi magawo awiri. Gawo loyamba n'lokhala pansi ndi mabuku: kulemba ntchito anyamata a zigawenga, kuwagawa m'timagulu pansi pa akapitawo, kuwagulira mfuti ndi magalimoto, ndi kuwapatsa malamulo a sabata yonse. Gawo lachiwiri n'loonerera mmene malamulowo akutsatidwira m'misewu ya mzindawo.

Chuma choyamba cha gululo chimachokera kwa eni masitolo. Anyamata amatumidwa kukauza wogulitsa nyama, wometa tsitsi kapena wophika buledi kuti azipereka ndalama ya chitetezo sabata ndi sabata. Wokana amaopsezedwa, akapitiriza kukana katundu wake amaphwanyidwa, ndipo mapeto ake sitolo imayaka moto. Ndalamazo zikachuluka, bwana amagula mabizinesi ooneka abwino kumaso, kuseri kwake n'kutsegula malo otchezera mowa woletsedwa, nyumba za juga ndi maofesi a katapila. Amalembanso wowerengera ndalama kuti abise phindu kwa okhometsa msonkho, ndi loya woti azipereka ziphuphu kwa apolisi ndi oweruza milandu. Njira zopambanira zilipo zitatu: kutha magulu ena onse opikisana nawo, kusankhidwa kukhala meya wa mzinda, kapena kusiya zauchigawenga n'kukhala munthu wamalonda wolemekezeka.

Aliyense woona mwachilungamo avomereza kuti amene adapanga seweroli adalidziwa bwino phunziro lawo. Iwo adaonetsa kuti uchigawenga waukulu suyenda ndi mfuti zokha ayi, umayenda ndi mabuku a ndalama, malipiro a sabata, ndi mabwenzi a m'maofesi. Mbiri ikuwavomereza. Al Capone wa ku Chicago, amene gulu lake limaganiziridwa kuti ndilo lidapha anthu 7 pa 14 February 1929, sadamangidwe pa mlandu wakupha. Adapezeka wolakwa m'chaka cha 1931 pa mlandu wozemba msonkho, n'kulamulidwa kukhala m'ndende zaka 11. Munthu yemweyo adatsegulapo malo ogawira chakudya chaulere kwa anthu osowa ntchito, kuti mzinda uzimutamanda. Akale adati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo nzeru yonse ya seweroli yagona pomwepo: chigawenga chochenjera chimakhala pamwamba pa chinthu chimene anthu akuopa kuswa.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Seweroli limaonetsa mzinda kuchokera kumwamba, monga mmene kabawi amaonera anapiye pabwalo. Mwini sitolo ndi kachithunzi kakang'ono kokhala ndi nambala pambali pake. Wosewera saona mkazi wa wometa tsitsi uja akuwerenga makobili otsala usiku, kapena mwana wake akubwezedwa kusukulu. Kuti mdzukulu aone mbali imeneyi, ayenera kutsika kumwambako n'kubwera pansi pamene pamakhala opereka. Ndipo pansi pamenepo ndi pamene mbiri ya mapiri a Dowa ndi Ntchisi imayambira.

Angoni a Zwangendaba adaoloka mtsinje wa Zambezi m'chaka cha 1835. Mfumuyo itamwalira mtunduwo udagawikana, ndipo patapita zaka gulu lina lotsogozedwa ndi Chiwere Ndhlovu lidadzakhazikika m'mapiri a Dowa, pakati pa Achewa. Midzi ya Achewa idali ndi zosankha zochepa. Ina idamanga malinga n'kumadzitsekera m'katimo. Ina idathawira m'mapiri, ndipo nkhalango yowirira ya phiri la Ntchisi imakumbukiridwa mpaka lero ngati malo amene anthu ankabisalamo nkhondo ikafika. Ina idagonja, n'kumapereka chakudya, ziweto ndi anyamata ankhondo kuti isathiridwe nkhondo. Ena adatsikira kunyanja, ku Nkhotakota, kukabisala m'manja mwa Jumbe, amene adakhazikika kumeneko cha m'ma 1840 ndipo adali ndi mfuti. Komatu Jumbe yemweyo ndiye ankaolotsa akapolo panyanja kupita nawo ku Kilwa, mpaka ufumu wa Ajumbe udathetsedwa m'chaka cha 1894. Wothawa mkondo ankapezeka kuti wagona pakhomo pa wogulitsa anthu. Njovu ziwiri zikamamenyana, umavutika ndi udzu.

Izi sizikukumbutsidwa pofuna kutosa mabala. Angoni a kwa Chiwere ndi Achewa adakwatirana kalekale, amalankhula chinenero chimodzi, amaika maliro pamodzi, ndipo mdzukulu wa lero ali ndi magazi a mbali zonse ziwiri. Angoniwo nawonso adali othawa nkhondo za kummwera, ofunafuna pokhala. Mfundo yagona pa kachitidwe kake: wamphamvu amabweretsa mantha, kenako amagulitsa mtendere kwa amene wawaopseza.

Amishoni a Dutch Reformed Church, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, adatsegula Mvera pafupi ndi kwa Chiwere m'chaka cha 1889, ndipo Robert Blake adatsegula Kongwe m'chaka cha 1894. Pakati pa zaka ziwirizi, mu 1891, Britain idalengeza kuti dziko lino lili pansi pa chitetezo chake, ndipo liwu lenileni la Chingerezi limene adatchulira ulamuliro wawo lidali lotanthauza chitetezo. N'zoona kuti nkhondo za mikondo ndi malonda a akapolo zidatha, ndipo chimenechi sichinthu chaching'ono. Koma wotetezayo adabwera ndi msonkho wa nyumba wa mashilingi 3, m'dziko limene anthu ambiri adali asanagwirepo ndalama. Olephera kukhoma ankaotcheredwa nyumba, ndipo nthawi zina akazi awo ankagwidwa mpaka mwamuna atapeza ndalamazo. Amuna adayamba kuyenda maulendo ataliatali kukagwira ntchito m'minda ya azungu kummwera, ena mpaka ku Halale ndi ku Joni. Anthuwo sadafunsidwe ngati akufuna chitetezocho, ndipo padalibe bwalo lokadandaulirako za mtengo wake.

Chitsanzo chachitatu agogo ambiri amene ali moyo adachiona ndi maso. M'nthawi ya chipani chimodzi, kuyambira 1966, anyamata a yufi ovala malaya ofiira ankaima pazipata za misika, pokwerera mabasi ndi pakhomo pa zipatala kufunsa khadi la chipani. Wopanda khadi sankaloledwa kulowa, ndipo amayi oyembekezera ena ankauzidwa kugulira khadi mwana wosabadwa. A Mboni za Yehova, amene adakana kugula makadi ndipo mpingo wawo udaletsedwa mu 1967, adazunzidwa koopsa. Ambiri adatsekeredwa ku Dzaleka, m'boma lomweli la Dowa, m'zaka za m'ma 1970. Kalata ya maepiskopi a Katolika imene idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992 idatchula poyera za makadi okakamiza ndi mphatso zokakamiza. Padabwera riferendamu ya pa 14 June 1993, ndipo mu December chaka chomwecho asilikali adalanda zida a Payoniya pa ntchito yotchedwa Operation Bwezani. Alipo ambiri m'mapiri muno amene amakumbukira zabwino za nthawi imeneyo, monga misewu, sukulu ndi kusowa kwa mbava, ndipo kukumbukira kwawo sikonama. Komabe mayi amene adabwezedwa pachipata cha chipatala mwana ali kumsana adalipira mtengo umene sudalembedwe m'buku lililonse.

Ngakhale lero fisi wa jekete sadafe. Dzaleka idasanduka msasa wa anthu othawa kwawo m'chaka cha 1994. Malo amene adakonzedwera anthu pafupifupi 12,000 adafika posunga anthu oposa 50,000 pofika 2022. M'chaka chimenecho nthambi ya United Nations yolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo ndi umbanda, UNODC, idalengeza kuti mogwirizana ndi apolisi a dziko lino idatulukira magulu ozembetsa ndi kugulitsa anthu mumsasamo, ndipo anthu oposa 90 adapulumutsidwa. Unyinji wa okhala ku Dzaleka ndi anthu osalakwa, ndipo iwowo ndiwo amadyedwa. Wozembetsa anthu amabwera ngati mthandizi, kulonjeza ulendo wabwino wa ku South Africa ndi ntchito yapamwamba, kenako ngongole ya ulendowo imasanduka goli. Wakatapila wa pamsika amene amasunga khadi la kubanki la mphunzitsi, ndi kagulu ka anyamata kolipiritsa minibasi pamalo amene sikadamange, onsewa ndi ana a bere limodzi.

Apa munthu wina angafunse kuti: kodi mfumu ya mudzi nayo sinkalandira mtulo? Kodi boma silitolera msonkho mpaka lero? Nanga kusiyana kwake kuli pati? Funso limeneli ndi lolemera, ndipo lidavutitsapo anthu ophunzira. Katswiri wina wa ku America, Charles Tilly, adalemba m'chaka cha 1985 kuti maboma ambiri a ku Ulaya adayamba mofanana ndi magulu ogulitsa chitetezo, ndipo adati chizindikiro cha wachifwamba n'chakuti amalenga yekha choopsacho kenako n'kulipiritsa anthu kuti achichepetse. Mwambo wa Achewa udali utasiyanitsa kale zinthu ziwirizi. Mlenje akapha njovu, mnyanga wogunda pansi unkapita kwa mwini dziko. Wopha nyama yaikulu ankatula chiwalo kwa mfumu. Koma mfumuyo inkagawa minda, inkaweruza milandu pabwalo poyera pamaso pa nduna ndi anthu onse, inkalandira alendo, ndipo inkatsogolera maliro. N'chifukwa chake amati mfumu ndi kudzala, ndiponso mutu ukakula sulewa nkhonya. Mfumu inkasankhidwa ndi mbumba, amayi aakulu a m'banja lachifumu ali ndi mawu amphamvu, ndipo mfumu yankhanza inkadzuka m'mawa n'kupeza anthu asamuka, yatsala ndi mabwinja.

Kuchokera pamwambo umenewu mukutuluka mafunso atatu amene mdzukulu aliyense ayenera kuwasunga pamtima. Loyamba: kodi choopsa chimene munthu akunena kuti ateteza chikadakhalapo iyeyo pakadapanda? Lachiwiri: kodi wopereka ali ndi bwalo lokadandaulirako, ndipo angathe kukana kapena kuchotsa wolandirayo popanda kuotcheredwa nyumba? Lachitatu: kodi choperekedwacho chimabwerera kwa anthu monga mlatho, mankhwala ndi chilungamo, kapena chimathera m'mimba mwa wolandira? Mafunso amenewa sasankha nkhope. Angafunsidwe kwa bwana wa ku New Temperance, kwa wonyamula chishango, kwa mesenjala wa msonkho, kwa wachipani cha mtundu uliwonse, ngakhale kwa mfumu ya lero imene yayamba kugulitsa minda ya ana amasiye. Amene walephera onse atatu ndi fisi, ngakhale atavala mkanjo wotani.

Tsono nanga seweroli lichotsedwe? Makolo ena amati ukayenda ndi mbala nawenso udzakhala mbala, ndipo mwana wokhalira kusewera uchigawenga adzauzolowera. Nkhawa imeneyi njomveka, makamaka kwa ana aang'ono amene sanafike posiyanitsa nthano ndi zenizeni. M'mera mpoyamba, ndipo sewero la kupha ndi kuotcha si la mwana wa sitandade 3. Koma kwa mnyamata kapena mtsikana wosinkhuka, kuletsa kokha kumangowonjezera kukoma kwa choletsedwacho. America yomwe idaphunzira zimenezi ndi mowa kwa zaka 13. Ndiponso makolo akale sadabise fisi kwa ana awo. Adamuika m'nthano za madzulo pamoto, pamodzi ndi kalulu wabodza ndi wakuba, kuti mwana adzamuzindikire akadzakumana naye. Chimene chinkateteza mwanayo chidali agogo okhala pambali, amene nthano ikatha ankafunsa kuti yaphunzitsa chiyani.

Ena amati ndi masewera chabe, monga bawo. Pabawo palinso kudyerana: maenje 32, njere 64, ndipo wopambana ndi amene wadya za mnzake mpaka kumusowetsa poyenda. Palibe adasandukapo mbala chifukwa cha bawo. Komabe kusiyana kulipo. Bawo amasewera anthu awiri oyang'anizana pansi pa mtengo, anthu ena atazungulira, ndipo wodyedwa ali ndi nkhope. Mawa iyeyo ndiye adzadye. Masewera akatha njere zonse zimabwerera m'thumba limodzi. Pakompyuta mwana amakhala yekha, ndipo odyedwa alibe pakamwa. Choopsa chachikulu cha seweroli sichakuti mwana adzagula mfuti ayi. Choopsa n'chakuti angazolowere kuona anthu ngati manambala, n'kuyamba kukhulupirira kuti dziko lili ndi mitundu iwiri yokha ya anthu, odya ndi odyedwa, ndipo wanzeru ndi wodya. Mwana wotere akadzakhala kalaliki wogawa makuponi a feteleza kapena wapolisi wa pamsewu, sadzafunika kuphunzitsidwanso.

N'chifukwa chake mpando wa agogo uli wofunika. Mdzukulu akatumiza anyamata ake kukaopseza wophika buledi, agogo afunse kuti wophika bulediyo ali ndi ana angati. Akapereka chiphuphu kwa woweruza, afunsidwe kuti mayi wamasiye wolandidwa munda akadandaule kuti tsopano. Akapambana chisankho cha umeya ndi ndalama zakuba, afunsidwe ngati adamvapo za zotere kwina kulikonse kunja kwa galasilo. Kenako tsiku lina atengedwe kukwera phiri la Ntchisi, akaime pansi pa mitengo italiitali ija, auzidwe kuti agogo a agogo ake adagonapo m'menemo ndi ana kumsana, akuopa kusonkha moto kuti utsi ungawaulule. Mwana amene waima pamenepo akabwerera pakompyuta adzaona tinyumba ta New Temperance ndi maso ena.

Pali chinthu chimodzi chimene seweroli silingaphunzitse, chifukwa malamulo ake sachilola. M'seweromo eni masitolo sakumana pabwalo kuti agwirizane zokana onse pamodzi. Koma m'mbiri yeniyeni fisi wa jekete amagonja pamene opereka aleka kuopa payekhapayekha. Linga silinkamangidwa ndi munthu mmodzi. Kalata ya 1992 idagwedeza dziko chifukwa idawerengedwa tsiku limodzi m'matchalitchi onse a mpingowo, ndipo anthu adazindikira kuti zimene aliyense ankanong'ona m'nyumba mwake n'zimene mnansi wake ankanong'onanso. Mutu umodzi susenza denga. Wachifwamba amadalira kuti wometa tsitsi akamaphwanyiridwa galasi, wogulitsa nyama aziyang'ana kumbali poganiza kuti zake zili bwino, kuiwala kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Seweroli limalolanso wosewera kusunga pamene wafika, kuti zinthu zikavuta abwerere m'mbuyo n'kuyambiranso ngati palibe chachitika. Moyo ulibe batani lotere. Nyumba yootchedwa chifukwa cha mashilingi 3 sidamangikenso yokha, ndipo amene adaolotsedwa nyanja pa zombo za Jumbe sadabwerere. Capone adatuluka m'ndende mu 1939 ali wodwala, nzeru zitasokonekera, ndipo adamwalira mu 1947 ali ndi zaka 48 zokha. Adzukulu asewere, aphunzire kuwerengera ndi kukonzeratu za mawa, pakuti luso limenelo n'lofunika pa munda wa fodya ndi pa golosale pomwe. Koma akamva kuodira kwaulemu pakhomo, mlendo n'kuyamba kunena za zilombo zimene zachuluka m'deralo, ayambe ayang'ana mapazi ake, kenako aitane anansi. Mawu a akulu akoma akagonera.